Kalata yotseguka kwa atsogoleri a makopaletivi a alimi a supari ku Karnataka

Olemekezeka a mpando ndi akuluakulu nonse a CAMPCO ku Mangaluru, a TSS ku Sirsi, a MAMCOS ku Shivamogga ndi a TUMCOS ku Channagiri,

Landirani moni wanga. Ine ndine Mmalawi, ntchito yanga ndi ya ulangizi wa makopaletivi, ndipo ndinakhalapo kwanuko pa maphunziro. Kalatayi ndi yanu, koma ndailemba m'Chichewa dala kuti abale anga aimvere limodzi. Kuno masiku ano msonkhano wa zaulimi sutha osamva kuti mlimi akangolowa kopaletivi ndiye kuti zokolola zake zichuluka, ndipo wolankhulayo akafuna umboni amaloza ku India. Nchifukwa chake ndati ndifunse eni ake. Kodi membala wanu amakolola supari, njere yotafuna ya mtengo wa areca, wochuluka bwanji pa tsinde limodzi poyerekeza ndi mnansi wake amene sanalowe? Ndipo ngati akumuposa, ndi chiyani chenicheni chimene inu mwachita kuti amupose?

Sindikufunsa monyoza. Mbiri yanu ndimaidziwa ndipo ndimailemekeza. TSS inayamba mu 1923, MAMCOS mu 1939. Chakumayambiriro kwa zaka za m'ma 1970 supari atagwa mtengo pamsika, alimi a m'mbali mwa nyanja atasowa pogwira, ndi pamene Varanashi Subraya Bhat ndi anzake anakhazikitsa CAMPCO pa 11 July 1973, mothandizidwa ndi maboma a Karnataka ndi Kerala. Lero mamembala ake ndi oposa 100,000. Chimene munachita panthawiyo ndi kuika pamsika wogula wa sikelo yachilungamo, wolipira poyera, wosathawa zinthu zikavuta. Wamalonda amene ankatchula mtengo wogulira monga wafunira anayamba kusuzumira kaye kuti kudepoti ya kopaletivi akugula bwanji lero.

Koma taonani. Phindu limeneli limafika kwa aliyense, membala ndi wosakhala membala yemwe. Mlimi amene sanalipirepo sheya ngakhale imodzi amagulitsa bwino kwa venda chifukwa choti depoti yanu ili pafupi. Ndi zabwino zimenezo, ndipo musazileke. Kungoti mtengo wabwino wogulira ndi nkhani ina, kuchuluka kwa zokolola ndi nkhani inanso. Pamisonkhano ya pachaka ya makopaletivi, kwanu ngakhale kwathu kuno, m'manja mumaombedwa pa matani amene agulidwa, ndalama zimene zazungulira ndi bonasi ya mamembala. Zonsezo zimawerengedwa pakhomo la depoti. Za m'munda zimatsala m'munda.

Abale akwathu amene supari amangomuona m'timapaketi m'masitolo a amwenye ku Limbe, ndikufotokozereni pang'ono. Supari ndi njere ya chipatso cha mtengo wa areca, wa m'gulu la kanjedza, wowonda, wowongoka ngati mzati, wotha kutalika mamita 15 kapena 20. Amaubzala motalikirana mamita 2.7 mbali zonse. Ukaubzala umadikira zaka zisanu kapena kuposerapo usanayambe kubala, koma ukayamba umabala kwa zaka makumimakumi. India ndiye amalima supari wambiri padziko lonse, ndipo woposa theka la supari wa dzikolo amachokera ku Karnataka. Zipatso zake zimakhala m'matsango pamwamba penipeni, pansi pa masamba. Vuto lonse la mlimi lili pamwamba pamenepo.

Mvula ikayamba mu June kumeneko siichita kugwa ngati yathu ya lero ndi mawa. Imatha kukhuthuka masabata osaona dzuwa. M'chinyezi chimenecho mumabuka matenda amene inu mumawatcha koleroga, ku Kerala amati mahali, oyambitsidwa ndi kachilombo konga nkhungu kotchedwa Phytophthora. Zipatso zanthete zimayamba mawanga ngati zanyowa mafuta, kenako zimawola nkuyamba kuthothoka. Ndinaimapo m'munda wina chakufupi ndi Puttur mu August, pansi ponse pali mbwee tizipatso tobiriwira toyanga nkhungu yoyera, fungo la zowola lili guu, mwini munda akungotola chimodzichimodzi nkumaponya m'dengu osanena kanthu. Pamwamba matsango anali atatsala zikonyo zokhazokha. Zaka za mvula yoopsa monga 2013 ndi 2018 alimi ambiri a ku Dakshina Kannada anaona zotere.

Chondiwawa nchoti mankhwala ake ndi akalekale. Leslie Coleman, katswiri wa ku Canada amene ankagwira ntchito m'boma la Mysore, analemba za matendawa mu 1910, ndipo kuyambira nthawi imeneyo njira yake ndi yomweyo, kupopera Bordeaux. Kilogalamu imodzi ya copper sulphate, kilogalamu imodzi ya laimu, malita 100 a madzi. Alimi achikulire amaviika mpeni wotsuka bwino m'madzi abuluuwo. Ukatuluka utapaka kufiira kwa kopa, amadziwa kuti laimu wachepa, awonjezere. Amapopera mvula isanayambe, nkubwerezanso pakatha masiku 40 kapena 45, ndipo mvula ikatalika amapoperanso kachitatu. Palibe chachinsinsi pamenepa. Mlimi aliyense wa ku Malnad, dera lamapiri la Karnataka, akhoza kukuphunzitsani ali m'tulo.

Ndiye bwanji supari amawolabe? Chifukwa kudziwa si kupopera. Kuti tsango lilandire mankhwala pamafunika zinthu zitatu zikumane tsiku limodzi: copper sulphate weniweni osati wosakaniza ndi zinyalala, maola angapo opanda mvula kuti mankhwala aume pa chipatso, ndi munthu wokwera pamwambapo. Cha mvula si chanu. Copper sulphate mumagulitsa m'madepoti mwanu, ndipo pamenepo membala amapeza chinthu chimene angachikhulupirire. Koma munthu wokwerayo ndiye mwini zokolola zonse, ndipo kawirikawiri dzina lake mulibe m'kaundula wa mamembala, poti alibe munda.

Ndinamuonera mmodzi akugwira ntchito. Chingwe chokulunga kumapazi, kathabwa kokhalira kam'chiuno, tsinde loterera ndi ndere, iye nkumakwawa mpaka kunsonga. Akamaliza kupopera satsika. Amakola mtengo woyandikana nawo ndi ndodo yangowe, kuukokera kwa iye, nkusamukira pamenepo ali m'mwamba momwemo, pansi mnzake akupopa pampu ndi kukoka paipi. Anthu aluso limeneli akuchepa. Ambiri akukalamba, ana awo anapita kusukulu ndi kutauni, ndipo ndani angawadzudzule, poti kugwa kamodzi kokha ndi msana wothyoka. Akachepa chonchi amayamba kupita kwa mwini munda waukulu, amene amawapatsa ntchito ya masiku ambiri ndi kuwalipira msanga. Mayi wamasiye wa mitengo 300 amauzidwa kuti tibwera sabata yamawa. Sabata yamawayo mvula siikata, ndipo koleroga sadikira.

Apa ndiye pamene ndikuona kuti umembala ungasinthe zokolola mooneka ndi maso. Ndikudziwa kuti CAMPCO pamodzi ndi a CPCRI, bungwe la boma lofufuza za mbewu ngati areca, munachititsapo maphunziro a achinyamata okwera mitengo ku Vittal. Ndikudziwanso za ndodo zazitali za carbon fibre zimene munthu amapopera nazo ndi kuthyola matsango ataima pansi, komanso makina okwerera amene alimi enieni apanga okha. Koma ndodo yotere ndi yodula kwa mlimi wa ekala imodzi, ndipo kuigwira bwino kumafuna kuzolowera. Bwanji nthambi iliyonse ya kopaletivi isakhale ndi gulu lakelake la opopera, olembedwa bwinobwino, okhala ndi inshulansi ya ngozi, ndi ndandanda yopachikidwa pakhomo la depoti mwezi wa May usanathe, yoyambira minda ing'onoing'ono? Ndalama yake muzidula pa supari akabwera kudzagulitsa. Mukatero palibe mlimi adzafunse kuti sheya yake ikumuthandiza chiyani.

Nkhani ya ngongole ili pafupi ndi yomweyi. Ndalama ya supari imabwera kumapeto kwa chaka ndi kumayambiriro kwa chinzake, koma ndalama yosamalira munda imafunika mu May ndi mu September. Alangizi a CPCRI amati tsinde lililonse lobala lizilandira pachaka magalamu 100 a nayitrojeni, 40 a fosifeti ndi 140 a potashi, kuphatikizapo makilogalamu 12 a masamba aawisi ndi 12 a manyowa. Ngalande zapakati pa mizere zimafuna kukumbidwa kuti madzi asadikhe pamizu. M'chilimwe mitengoyi imafuna kuthiriridwa mosadumphitsa, apo ayi maluwa amayoyoka. Mlimi amene alibe ndalama m'miyezi imeneyi amachita chimene wosauka amachita kulikonse: amagulitsa zokolola zikadali pamwamba kwa kontilakita, amene amayerekeza ndi maso nkupereka ndalama yapamanja. Kontilakita safuna za chaka chamawa. Sathira manyowa m'munda wa mwini, sakumba ngalande. Munda wotere umatsika chaka ndi chaka, ndipo supari wake safika nkomwe pa sikelo yanu m'dzina la mlimiyo. Kwathu timati fodya wako ndi amene ali pamphuno, wapachala ngwamphepo. Tsango limene lagulitsidwa likadali laliwisi linachoka kale m'manja mwa mwini wake.

A TSS pamenepa ndikuvulirani chipewa. Membala wa ku Sirsi amatha kutula supari wake m'nkhokwe ya sosaite, kutengapo ngongole pomwepo, nkudikira tsiku limene msika wakoma. Amagula zofunika zapakhomo ndi za kumunda pa akaunti yomweyo. Munthu wotere sakakamizika kugulitsa munda uli wauwisi, ndipo feteleza amathira pa nthawi yake. Umu ndi mmene msika umalowera m'zokolola, kudzera m'thumba la mlimi pa mwezi woyenera. Komabe ngongole yosavuta ili ndi mano ake. Akaunti yomwe imagula copper sulphate ndi yomwenso imagula njinga yamoto ndi zaukwati, ndipo chaka cha matenda chikabwera membala amapezeka wamangika ku sosaite monga akanamangikira kwa wakatapila, kungosiyana chiwongoladzanja. Kodi mumasiyanitsa m'mabuku mwanu ngongole imene yapita kumunda ndi imene yapita kwina?

Pali chinanso chimene anthu ofufuza amachidziwa koma ife a makopaletivi sitikonda kuchimva. Ukayerekeza mamembala ndi osakhala mamembala nkupeza kuti mamembala akukolola zambiri, usathamangire kuvina. Amene amalowa msanga kopaletivi kawirikawiri ndi amene ali kale ndi mapepala a munda m'dzina lake, chitsime chake, bwalo lake loyanikira, ndi sukulu pang'ono. Ameneyo akanakolola bwino ngakhale popanda inu. Wobwereka munda, kapena mayi amene munda udakali m'dzina la malemu apongozi ake, amatsala kunja, ndipo kutsala kwakeko kumakongoletsa chiwerengero chanu. Muyeso wachilungamo ndi kutenga munda womwewo, kuona mmene unkabalira mwini wake asanalowe ndi mmene ukubalira patapita zaka, poganiziranso msinkhu wa mitengo ndi mvula ya chaka chimenecho. Inu muli ndi mwayi umene ofufuza a kuyunivesite alibe. Muli ndi mabuku a zogula a mlimi aliyense a zaka zambirimbiri. Chikusowa nkungolemba pambali pa dzina lake kuti ali ndi mitengo ingati yobala, ndipo mafunso ambiri adzayankhika okha. Samalani pokha kuti membala sagulitsa zonse kwa inu. Wina amapatulako matumba kupita nawo kwa venda akafuna ndalama yamsanga, ndiye muyenera kumufunsa mwaubale, osati mwaupolisi.

Kukonza supari akathyoledwa nakonso kumadya zokolola mwakachetechete. Kumbali ya kunyanja amadikira zipatso zipse, nkuziyanika padzuwa masiku 40 kapena kuposerapo kuti apeze chali, supari woyera uja. Ku Shivamogga ndi ku Channagiri amathyola zisanakhwimitse, kusenda, kuwiritsa ndi kuyanika kuti atuluke wofiira. Osenda ambiri ndi amayi, atakhala pa thabwa lokhala ndi mpeni wopindika, manja akuda bii ndi utomoni. Mvula yosayembekezeka ikagwa pa bwalo loyanikira, nkhungu imalowa m'kati mwa njere ndipo giledi imatsika. Mlimi wakolola bwino, koma pa sikelo akuoneka ngati waulesi. Makina osendera ndi timashedi tapulasitiki toyanikiramo si zinthu zoti aliyense agule zake. Zimenezi ndiye ntchito ya gulu.

A TUMCOS, dera lanu lili ndi nkhani yakeyake. Supari atakwera mtengo, kufika popitirira 400 rupee pa kilogalamu ya chali m'zaka zaposachedwazi, anthu a kuzigwa za Davanagere, Chitradurga ndi Tumakuru anazula mbewu zina nkudzaza areca m'malo amene mvula yake ndi yochepa. Minda imeneyi imadalira mijigo yakuya. Chilala chikabwera madzi amathawira pansi, ndipo taona alimi akugula madzi a m'mathanki agalimoto kuti mitengo ya zaka khumi isaume. Matani a Karnataka yense akakwera chifukwa maekala achuluka, kumeneko si kukwera kwa zokolola. Kopaletivi imene ikubwereketsa ndalama yokumbira mjigo wachitatu m'munda womwewo iyenera kudzifunsa ngati ikuthandiza membala wake kapena ikumukumbira dzenje. Ngongole ya mapaipi othirira modontheza ndi maiwe osunga madzi a mvula ndiyo ikanayenera kukhala yapafupi kupeza.

Kumapiri nako, ku Sringeri, ku Koppa ndi ku Sullia, kuli matenda achikasu a masamba amene anaoneka koyamba ku Kerala mu 1914 ndipo mpaka pano alibe mankhwala ochiza. Masamba amachita chikasu, njere zimada ndi kufewa, munda umafa pang'onopang'ono mwini wake akuona. Makamaka cha mu 2022, kunabukanso matenda a mawanga a masamba ku Malnad. Membala wa kumadera amenewa sakusowa wogula. Akusowa choti agulitse. Kwa iye funso ndi la mbande ndi la mbewu ina yoti alowetse. Ku Vittal a CPCRI anatulutsa mtundu wa Mangala mu 1972, pambuyo pake Sumangala, Sreemangala ndi Mohitnagar, ndiponso mitundu yaifupi ya haibulidi imene siifuna wokwera. Koma mlimi akagula mbande ya pamsewu amadzadziwa kuti anapusitsidwa patatha zaka zisanu kapena zisanu ndi chimodzi. Nazale ya kopaletivi, ya mbewu yochokera ku mitengo yodziwika makolo ake, ingateteze zaka zimenezo kuposa chikalata chilichonse chopita ku New Delhi.

Sindikuti zikalatazo nzachabe. Munalimbana kuti mtengo wotsikitsitsa wololedwa polowetsa supari wakunja ukwere, ndipo mu February 2023 unachoka pa 251 kufika pa 351 rupee pa kilogalamu. Mumadandaula za supari wozembetsedwa kuchokera ku Myanmar kudzera ku Mizoram, ndipo mukulondola. Ndikungoti nkhondo ya kumalire ili ndi oimenya ambiri, andale akuikonda chifukwa imamveka pa wailesi. Nkhondo ya ngalande ndi pampu ilibe wina woimenya koma inu.

Tsopano ndinene chimene mwina simukondwera nacho, ndipo ndichinena ngati munthu wochokera m'dziko la fodya. Bungwe lofufuza za khansa la IARC, la pansi pa WHO, linagamula mu 2003 kuti supari payekha, ngakhale wopanda fodya, amayambitsa khansa. Madokotala a mano ku India amadziwa bwino matenda ouma m'kamwa amene amalepheretsa munthu kuyasamula. Kuyambira mu 2012 zigawo za India zinayamba kuletsa gutkha, supari wosakaniza ndi fodya, chimodzi ndi chimodzi. Ndamva mayankho anu, akuti choipa ndi zosakanizamo, akuti makolo akhala akutafuna kuyambira kalekale, akuti pakufunika kafukufuku wina. Mawu otere ife tinawalankhulapo za fodya kwa zaka zambiri, uku ogula akuchepetsa okha makilogalamu, mpaka Malawi anadzalowa m'pangano la WHO loletsa kufala kwa fodya mu 2023. Amene anavutika si a m'maofesi. Ndi mlimi amene anauzidwa kuti osadandaula, limani basi.

Chondipatsa chiyembekezo nchoti njira ina munaiyendapo kale. Alimi atalimbikitsidwa kubzala koko pansi pa areca, kenako ogula akuluakulu nkuwathawa msika wadziko lonse utagwa cha mu 1980, CAMPCO inayamba kugula kokoyo, ndipo mu 1986 inatsegula fakitale ya chokoleti ku Puttur. Pambuyo pake munawonjezera labala ndi tsabola wakuda. Munda wa areca wosamalidwa bwino sukhala wa mbewu imodzi: tsabola amayanga pa tsinde, koko ndi nthochi zili pamthunzi, kumapiri kuli cardamom. Mukamayeza phindu la umembala, yezani zonse zimene ekala imodzi yatulutsa ndi ndalama imene yatsala m'manja mwa banja atachotsa zolowa. Mukayeza supari yekha mudzakankhira mamembala anu kudzaza mbewu imene tsogolo lake lili m'manja mwa makhoti ndi madokotala.

Pempho langa ndi ili. Pa msonkhano wanu waukulu ukubwerawu, pambali pa matani ndi bonasi, muuze mamembala kuti pa tsinde limodzi lobala anakolola makilogalamu angati nthambi ndi nthambi, ndi minda ingati ya mamembala imene inapoperedwa mvula isanayambe, ndi angati mwa alimi osafika maekala awiri amene anapeza ngongole mwezi wa May usanathe, ndiponso ndi angati amene anagulitsabe zokolola zili pamwamba. Ziwerengerozo muziike poyera, zikome zisakome. India ili ndi unduna wakewake wa makopaletivi kuyambira mu July 2021, ndipo chaka cha makopaletivi cha United Nations cha 2025 chinatsegulidwira ku New Delhi, kotero alendo ochokera kumaiko ngati lathu apitiriza kubwera kudzaphunzira kwa inu. Akafika, musawathere tsiku lonse m'fakitale ya chokoleti. Muwatengere kumunda wa membala wamng'ono mu July, mvula ili pakati, akaone okha ngati matsango ake ali abuluu ndi mankhwala.

Ndine wanu mwaulemu,
Mlangizi wa makopaletivi, Malawi